A Jere Ankabwera Kudzapala Moto

Ana anga, Esnati ndi iwe Yotamu, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake mgolo wanga wowotchera nyama uli pakhomo pa a Jere, pamene pakhomo panga pali chitofu cha gasi. Iwe Yotamu unafika ponena kuti mkulu uja anatilanda mochenjera. Sanalande. Ndinaukankha ndekha pa wilibala, masanasana, anthu a mu Kapata, komboni yathu ino ya mu Chipata, akuona. Koma kuti mumvetse ndiyenera kuyambira kumene ndinayambira ntchito, pakuti ine moyo wanga wonse ndaudyera pamoto.

Chipangali, chaka chimene ndinayamba ntchito

Ntchito yanga yoyamba inali yothandiza kuphika pa sukulu ina yogonera pompo ku Chipangali. Ndinapita ndi kachikwama kamodzi, nditavala nsapato za mkulu wanga zimene ndinaikamo mapepala kuti zindikwane. Dzina linali lakuti wothandiza kuphika, koma ntchito yeniyeni inali kuwaza nkhuni, kusonkha moto ndi kusankha nyemba zofumbwa. Khitchini inalibe zenera, denga lake linali lakuda bii ndi mwaye, ndipo tsiku lililonse tinkatulukamo maso ali psuu ngati mbewa zofukizidwa kuuna. Nthawi imeneyo ndinkaseka akuluakulu amene ankatsokomola. Chifuwa changa chinali cha mnyamata, ndipo ndinkayesa kuti chidzakhala choncho mpaka kalekale.

Nyama pa sukulu ija inkaoneka potsekera teremu basi. Tsiku lina aphunzitsi anasonkherana nagula mbuzi, ndipo poti mkulu wa khitchini anali kumaliro, anandiitana ine kuti ndiwotche. Ndinawotcha monga ankachitira malume anga: osaika nyama pa malawi, kudikira mpaka makala atavala phulusa loyera, kuyesa kutentha ndi chikhatho pamwamba pa waya, ndipo osathira china chilichonse koma mchere. Aphunzitsi anadya mpaka kuiwala Chingelezi. Kuyambira pamenepo ukwati uliwonse wa kufupi ndinkaitanidwa, ndipo pa ukwati wina wotere ndi pamene ndinaonana ndi amayi anu, amene anandiuza maso ndi maso kuti nyama ndi yabwino koma mwini wake ndi wonunkha utsi. Mpaka lero sanabweze mawu amenewo.

Njira ya ku Mtenguleni, zaka za kusowa

Mbiri ya nyama ija inandipezera malo pa nyumba ina ya alendo, m'mbali mwa msewu wopita ku Mtenguleni. Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi a Jere, amene anali woyang'anira nyumbayo. Anali mwana wa mphunzitsi wa ku mishoni, wamtali, wosaseka, wa tayi pakhosi ngakhale mwezi wa Okutobala pamene nkhuku zomwe zimayasamula. Ankalowa m'chipinda cha alendo n'kupititsa chala pamwamba pa chitseko kufuna fumbi. Za antchito sankadya ngakhale dzira lowiritsa. Mayi wina wochapa atawabweretsera mtedza wa kumunda kwake, anaubweza mwaulemu, nati, “Munthu wodya za antchito ake mawa sangawadzudzule.” Ife kumbali tinkati mkuluyu ngakhale madzi amayamba wawafunsa kumene achokera.

Koma panali chinthu chimodzi chimene sankaphonya. Chakudya chilichonse chisanapite kwa alendo, a Jere ankabwera kudzaima pakhomo pa khitchini, manja kumbuyo. Ine ndinkadula kanyama, n'kuwapatsira pa nsonga ya mpeni. Ankatafuna atatsinzina, pang'onopang'ono, kenako n'kunena mawu omwewomwewo: “Mchere wachepa, a Tembo. Koma pititsani.” Kaya ndathira wochuluka bwanji, mchere unkachepa basi. Zinkandipsetsa mtima. Tsiku lina ndinakwirira kanyama kawo mumchere mwadala. Anatafuna, misozi inalengeza, anameza ndithu, nandiyang'ana. “Lero mwandilanga,” anatero. “Pititsani inayo.”

Zinali zaka zimene zinthu zinkasowa m'masitolo. Shuga kulibe, sopo kulibe, mafuta ophikira kuwaona kwake kunali kwa mwayi, ndipo ukamva kuti afika m'tauni unkapeza mzere utazungulira kale sitolo. Alendo sankafuna kumva zimenezo, ankafuna nyama pa mbale. A Jere ndi amene anaganiza kuti nyama yowotcha sifuna mafuta. Anapita ku msika wa Kapata, nauza wowotcherera zitsulo kuti adule mgolo pakati m'litali, auike miyendo ndi waya pamwamba. Ndiwo mgolo womwe uja mukuudziwa. Makala tinkagula kwa anthu a njinga ochokera kuchigwa, ndipo ndinkasankha a mtengo wa tsanya, olemera, amene ukawagunditsa amalira ngati chitsulo. Makala opepuka amathetheka, amakuboolera malaya, ndipo amatha nyama isanapse.

Nthawi ya mwambo wa Ncwala ku Mtenguleni nyumba inkadzaza mpaka ena kugona m'magalimoto. Chaka china kunabwera bwana wamkulu wochokera ku Lusaka ndi anthu ake, ndipo nyama imene tinaipeza inali ya ng'ombe yokalamba imene inakoka ngolo moyo wake wonse. Ndinaisinja, ndinaiviika m'madzi a papaya, ndinaiwotcha pa moto wofatsa, koma ng'ombe ija inakana kufa kachiwiri. Bwana uja anakankha mbale, naitanitsa wophika. Ndinaima pamaso pake ndikuganiza za amayi anu amene anali ndi pakati pa Esnati.

“Uyu achoke lero lomwe,” anatero bwanayo, osandiyang'ana n'komwe.

A Jere anakonza tayi yawo, nabwera kudzaima pakati pa ine ndi tebulo. “Bwana, nyama imeneyi ndinalawa ndine, ndipo ndine ndinati ipite. Chimene ndalawa ine, mlandu wake ndi wanga. Ngati pali wochoka, ndine.”

Palibe anachoka tsiku limenelo. Koma mvula yotsatira isanagwe a Jere anawasamutsira kutali kumpoto, kumalo kumene basi inkafika mwa apo ndi apo. Sindinganene motsimikiza kuti chifukwa chake chinali nyama ija, koma mtima wanga umadziwa. Ine ndinatsala, ndinalera ana, ndinagwira ntchito pansi pa mabwana ena angapo, abwino ndi oipa, ndipo palibe mmodzi yemwe amene ankalawa chakudya chisanapite. Ndi pamene ndinazindikira kuti kulawa kuja sikunali kundiyesa ine, kunali kundiphimba. Tsiku lopuma ntchito anandifunsa mphatso imene ndikufuna. Ndinaloza mgolo uja, umene unali utayamba dzimbiri kuseri kwa khitchini, ndipo anandiseka nandipatsa.

Kapata, nditapuma

Tinamanga nyumba yathu ino mu Kapata, ndipo ndinakhazikitsa lamulo langa: Loweruka lililonse masana ndimawotcha. Osati kuti nthawi zonse inali mbuzi ayi. Nthawi zina tinali timapiko ta nkhuku, nthawi zina chiwindi kapena matumbo, ndi mbatata zokwirira m'phulusa. Koma utsi unkakwera, ndipo agalu a m'mudzi muno ankadziwa tsiku kuposa anthu.

Mmawa wina ndikudula mpanda wathu wa maluwa, ndinaona munthu wamtali akusesa pa kanyumba ka zipinda ziwiri ka kuseri kwa mpandawo. Anali atavala tayi. Ndani wina mu Zambia muno angasese pabwalo atavala tayi? Anali a Jere, imvi mbuu, kolala ya malaya yothetheka koma yosita bwino. Tinapatsana moni wa manja awiri. Ndinamva pang'onopang'ono kuti akazi awo anamwalira, mwana wawo wamkulu nayenso anatsatira, ndipo wotsalayo anapita kunja kwa dziko n'kungoti zii. Kanyumbako kanali ka mphwawo. Iwo sanadandaule chilichonse, anangoti, “Tili bwino, a Tembo, Mulungu akusunga.”

Koma wophika amaona utsi. Pakhomo pa a Jere utsi unkakwera mmawa, wa tiyi, kenako tsiku lonse osaonekanso. Amayi anu anapakula chakudya, anavundikira bwino, napita nacho. Chinabwerera momwemo chosavundukula, ndi mawu akuti zikomo kwambiri, ndadya kale. Anayesanso tsiku lina, chimodzimodzi. “Mkulu wanuyu adzafa ndi njala atavala tayi,” anatero amayi anu. Zinandiwawa, koma ndinkawadziwa munthuyo. Kwa iwo ine ndinali wantchito wawo mpaka pano.

Ndiye Loweruka lina, makala atangovala phulusa, ndinamva odi pachipata. A Jere, atanyamula chivundikiro chakale cha poto. “A Tembo, machesi andithera. Ndabwera kudzapala moto.” Inu ana a masiku ano mwina mwaiwala. Kupala moto sikupempha. Moto ndi wa aliyense, munthu amalowa pakhomo pa mnzake, amatapa makala oyaka awiri atatu n'kumapita, ndipo palibe amene amati wathandizidwa. Ndinawaikira makala pa chivundikirocho. Kenako dzanja langa linachita lokha zimene linazolowera: linadula kanyama, n'kukaloza kwa iwo pa nsonga ya mpeni.

“Bwana, lawani.”

Anayang'ana mpeni, anayang'ana ine. Anaika chivundikiro pansi, anatenga kanyamako, natsinzina. “Mchere wachepa, a Tembo.”

Ndinawaza mchere pa nthuli ina yokulirapo. “Nanga iyi, bwana?”

“Iyi yayandikira. Koma mbali iyo simunatembenuze bwino.”

“Talawani mbali imeneyo timve.”

Tinalawa choncho mpaka waya anayera. Mbatata nazonso zinafunika kulawidwa. Makala a pa chivundikiro anazima, ndipo pochoka ndinawaikira ena. Kuyambira tsiku limenelo machesi a a Jere ankatha Loweruka lililonse. Paja mlendo akafulumira kutsanzika timamufunsa kuti kodi mwangobwera kudzapala moto? Amayi anu ankati mawu amenewo mu Kapata muno anatha ntchito, chifukwa moto wa a Jere umapalidwa kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Tinkakamba za alendo akale, za mpira, za mapiri a Chipata amene tinawapeza ali ndi mitengo ndipo tsopano ametedwa mpala. Ankandidzudzula kuti ife owotcha ndife tikumaliza nkhalango, uku akutafuna. Zinali zaka zokoma, ndipo ndikunena mosabisa kuti ndinali wokondwa.

Chaka chimene gasi anafika

Chifuwa chinayamba ngati chimfine. Kenako ndinkati ndikakwera kachitunda ka ku tchalitchi ndiyambe ndaima, ndipo m'chifuwa munkalira ngati muli ana a mphaka. Dokotala atandipima anandifunsa ngati ndimasuta fodya. Ndinati sindinayambe ndalawapo. Atamva ntchito yanga anagwedeza mutu, nati utsi wa Chipangali ndi wa m'makhitchini monse muja sunapite kumwamba wonse, wina unatsala mwa ine. Anandipatsa mankhwala opopera m'kamwa, nandiletsa kuimanso pa utsi.

Esnati, iwe poti ndiwe namwino sunachedwe. Unatsika basi ya ku Lusaka ndi chikatoni chachikulu ndi botolo la gasi, n'kumanga chitofu chowotchera pakhonde ine ndikuonerera.

“Atate, kuyambira lero nyama muziwotchera apa. Mgolo uja ndikaitana anyamata a zitsulo adzautenge.”

“Mgolo usaukhudze,” ndinatero. “Ndipo moto wopanda phulusa ungawotche nyama?”

“Yesani kaye. Mukaipeza yoipa mundiuze.”

Amayi anu anathawira kuseri kwa nyumba, akuti mwana watibweretsera bomba. Anabwerako ataona iwe ukupaka thovu la sopo pa payipi kusonyeza kuti palibe pamene mpweya ukutuluka. Ine ndinakonzeka kunyoza, koma ndinene zoona, gasi anandichititsa manyazi. Ukapotokola kabatani moto wabuluu uli pompo, osakupiza, osadikira. Ukafuna wochepa umachepa, ukafuna wambiri umakula, ndipo mvula ikagwa sufunika kuthamanga ndi thumba la makala. Malaya amakhala oyera. Nkhuku imapsa mpaka pafupa osapserera khungu. Ndinadzipeza ndikukupiza moto uja ndi katoni mwachizolowezi, mpaka iwe unagwa nako kuseka. Chimene gasi alibe ndi kafungo kaja kamene kamabwera mafuta akadontha pa khala n'kubwerera m'nyama, ndiponso akafuna kutha sachenjeza. Koma ndinawotcha mpaka kumaliza osatsokomola, ndipo ndinavomera kuti mwana wachita bwino.

Loweruka lotsatira a Jere anafika ndi chivundikiro chawo. Anaima pakhonde, nayang'ana timalawi tabuluu tija nthawi yaitali.

“Uwu ndiye moto wa masiku ano,” anatero. “Koma supalika.”

“Khalani pansi, bwana. Lawani.”

“Ayi, a Tembo. Ine ndinabwerera moto.” Anatembenuka, chivundikiro chili m'manja chopanda kanthu.

Sanabwerenso. Ndinayesa kuwaitana pa mpanda kuti adzandilawire, koma anati ntchito yolawa anapuma kalekale. Ndinamvetsa. Munthu wodzapala moto akalawa nyama, walawa podutsa. Koma kuchoka kwanu opanda chonyamula, kudzakhala pakhonde pa wantchito wako kudikira nyama, kumeneko ndi kupempha, ndipo a Jere akanalola kufa. Masabata anapita. Ku tchalitchi ndinaona kuti khosi lawo likusambira mu kolala, ndipo poimirira kuti tiimbe ankayamba agwira benchi. Sindikunena kuti nyama ya Loweruka ndiyo inkawasunga yokha, koma tsiku limenelo ankadya mokhuta, ankaseka ndi maso, ndipo zotsala ndinkawakulungira kuti akalawe bwino kunyumba. Zonsezo gasi anazizimitsa.

Ndiye ndinachita zimene Esnati ukudziwa. Ndinagula thumba la makala, ndinatulutsa mgolo, ndinayatsa. Utsi usanafike patali ndinamva odi pachipata. Amayi anu anandiyang'ana ndi diso loti tiona, koma anandileka, chifukwa nawonso ankawamvera chisoni a Jere. Zinayenda bwino kwa masabata angapo. Kenako Loweruka lina mafuta a nkhumba anadontha pa makala, utsi unandilowa, ndipo mpweya unakana kutuluka. Ndikukumbuka ndili pansi, ndikuona a Jere akuthamangira kumsewu kukaimitsa galimoto, tayi ikuuluka paphewa. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawaonepo akuthamanga.

Kuchipatala Esnati unaimba foni ukulira ndi ukali womwe.

“Atate, mukufuna kutisiya chifukwa cha kanyama? Chitofu chija ndinagulira chiyani?”

“Mwanawe, si nyama ayi. Ndi a Jere.” Ndinakufotokozera zonse, kuyambira ng'ombe ya ngolo ija.

Nditamaliza unati, “Ndamva, atate. Koma mukafa, a Jere adzapala moto kwa yani?”

Tsiku lotsatira a Jere anabwera nthawi yoona odwala, atanyamula nthochi. Anakhala mowongoka pa mpando. “A Tembo, amayi andiuza zimene dokotala ananena kalekale. Munalakwa kundibisira. Simudzandionanso ndi chivundikiro pakhomo panu.” Ndinafuna kuyankha, koma anakweza dzanja monga ankachitira kuntchito, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Ndinagona pa bedi lija ndikusinkhasinkha. Pa ntchito ndinakumana ndi zovuta zambiri, koma panalibe chimene chinandizunguza ngati ichi. Ndikasankha makala, ndidzipha ndekha n'kusiya amayi anu. Ndikasankha gasi, munthu amene anaima pakati pa ine ndi tebulo adzafota ndikuona kuseri kwa mpanda wanga. Ndinauza amayi anu kuti mutu wanga waima. Iwo anali akusenda nthochi ya a Jere, ndipo anayankha osandiyang'ana.

“Inu mwakhala mukufuna njira yowapatsira. Anthu ena kupatsidwa kumawadwalitsa. Bwanji osawapempha?”

Chaka chino

Nditatuluka m'chipatala n'kupezako mphamvu, ndinasankha gasi. Ndinauza Esnati kuti pakhomo panga makala sadzayakanso, ndipo mawu amenewo ndawasunga. Kenako Loweruka ndinakweza mgolo pa wilibala, pamwamba thumba la makala lotsala lija ndi mwendo wa mbuzi, n'kuzungulira mpanda. A Jere anali pakhonde akuwerenga Baibulo.

“Bwana, ndabwera kudzapempha.”

Anavula magalasi. “Kupempha chiyani kwa ine?”

“Nyama ya pa gasi ndi yabwino, koma mtima wanga ukulira ya pa makala. Dokotala wandiletsa kuima pa utsi. Amayi akunyumba akana, akuti sanakwatiwe ndi mgolo. Yotamu ali ku Kitwe. Ndilibe wina. Mundiwotchereko.”

Sindinanene bodza ngakhale limodzi, ndipo iwo anaona zimenezo pankhope panga. Anayang'ana mgolo uja, napititsa chala pa waya monga ankachitira pofuna fumbi. “Uwu ndi womwe uja ndinadulitsa ine?”

“Womwewo.”

“Koma ine, a Tembo, sindinawotchepo ngakhale chimanga.”

“Mwalawa zaka zonsezi. Lilime likudziwa kale, manja atsatira.”

Kenako anaimirira, anamasula tayi, anaipinda bwinobwino naiika pa Baibulo, n'kupinda manja a malaya. Ndinabwerera kwathu, ndinaika mpando pafupi ndi mpanda mbali imene mphepo imachokera, ndipo ndinayamba kulangiza ndili patali. Musaike nyama pa malawi, bwana. Dikirani avale phulusa. Ikani chikhatho pamwamba pa waya, chikakana kukhalitsa ndiye kuti moto wakwana. Ankamvera ngati mwana wa sukulu, n'kumafunsa chifukwa cha chilichonse. Amayi anu anatuluka kudzaonerera, atagwira pakamwa.

Patapita nthawi ndinawaona akubwera ku mpanda, thukuta kamukamu, phulusa mpaka m'nsidze, atanyamula kanyama pa nsonga ya mpeni. Anakadutsitsa pamwamba pa maluwa.

“Lawani, a Tembo.”

Kunja kanali kakuda, m'kati kofiira. Ndipo munthu amene moyo wake wonse ankaona kuti mchere wachepa, tsiku limenelo anali ndi paketi yonse m'manja mwake popanda womuletsa. Ndinatsinzina, ndinatafuna pang'onopang'ono, misozi inalengeza, ndinameza ndithu. Nditatsegula maso ndinapeza akundiyang'ana ngati mmene ndinkawayang'anira ine pakhomo pa khitchini.

“Mchere wachepa, a Jere,” ndinatero. “Koma pititsani.”

Anayamba ndi kugwedezeka mapewa, kenako chiseko chinaphulika, mpaka anakhala pansi pa dothi ndi buluku lawo losita. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka mokweza, ndiponso koyamba ine kuwatchula dzina lawo m'malo mwa bwana. Nyama ija tinaidya yonse, iwo mbali yawo ya mpanda, ife mbali yathu, ndi madzi ambiri.

Lero a Jere amawotcha bwino, ngakhale sindinawauze. Kolala yadzazanso. Loweruka lililonse ndimapita ndi nyama, iwo amawotcha, ndipo wowotcha sangatumize nyama asanalawe mokwanira. Masiku ena onse, ndiponso inu mukabwera ndi ana, ndimawotcha pa gasi pakhonde panga, malaya oyera, chifuwa chili phee. Akazi a mu mzere wathu tsopano amakapala moto kwa a Jere, ndipo mkuluyo amawapatsa mwaulemu wonse ngati akupereka makiyi a chipinda.

Tsono mverani, ana anga. Ine ndikadzatsogola iwo akadali moyo, mgolo uja musadzakautenge. Chitofu cha gasi mudzagawane mmene mungafunire. Koma Loweruka mmodzi wa inu, kapena amene mudzamutume, adzazungulire mpanda ndi kanyama m'manja. Musadzanene kuti tabweretsa. Mudzanene kuti tabwera kudzapempha.